Utsi wa kuphiri ndi mtsinje wooneka ngati tiyi: kodi madzi apampopi tizimwabe?

Uthenga uwu wachokera kwa mayi wina amene wadzitchula kuti Nachisale, akukhala ku Todmorden, m'chigwa cha Calder ku West Yorkshire, kumpoto kwa England. Ndaudulako pang'ono chifukwa unali wautali:

"Achimwene ndithandizeni maganizo. Ndili kuno chaka chachitatu, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Chaka chilichonse ikafika Okutobala, komanso cha mu Malichi, ndimaona utsi uli tolotolo pamwamba pa mapiri akuseri kwa nyumba yathu. Poyamba ndinkayesa ngozi, mpaka mnzanga wakuntchito anandiuza kuti eni malo amayatsa dala chifukwa cha mbalame zosaka. Ndiye kamtsinje kotsika kuphiriko madzi ake ndi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, nthawi zina thovu lili mbuu m'mbali. Mnzangayo akuti ndi moto womwewo ukuwononga madzi, akutinso ndi umene umapangitsa kuti tauni yathu izisefukira. Ndili ndi ana awiri, wamng'onoyo ali ndi asima. Kodi madzi apampopi tizimwabe? Kapena ndingosamuka? Kwathu ku Dedza timatentha tchire chaka ndi chaka koma sindinamvepo kuti moto wawononga mtsinje."

Achemwali Nachisale, zikomo polemba, ndipo choyamba mtima m'malo. Ngati nyumba yanu imalandira bilu ya kampani ya madzi, madzi apampopiwo imwani, ana amwe, phikirani, palibe chifukwa chomathera mapaundi anu pa madzi am'mabotolo. Madzi mukuwaona m'kamtsinjewo si amene akutulukira pampopi panu mwachindunji, pakatipo pali damu ndi malo oyeretsera madzi, komanso kampaniyo ili ndi oyiyang'anira, a Drinking Water Inspectorate, omwe sachita nayo chibwana. Utsi wokhawo si chifukwa choti mumange katundu. Komano mnzanu wakuntchito uja sananame kwenikweni, wangotenga nkhani zitatu n'kuziphika mu mphika umodzi, ya moto, ya mtundu wa madzi ndi ya kusefukira. Ine ntchito yanga ndi yoyeza madzi, ndatha zaka zambiri ndikukwera mapiri akwanuwo, otchedwa Pennines, mabotolo ali kumsana, ndiye ndiloleni ndizipatule.

Muyambe mwadziwa chimene chili pansi pa utsiwo. Pamwamba pa mapiri amenewo si dothi ngati la kwathu ayi. Ndi peat, kutanthauza zomera zakufa zomwe zinakanika kuwola bwinobwino chifukwa malowo ndi ozizira, onyowa chaka chonse komanso a asidi, ndiye zinangounjikana zina pamwamba pa zinzake kwa zaka masauzande. Dothili limakula mochedwa zedi, pafupifupi milimita imodzi pachaka, moti mukaponda pamene lili lakuya mamita awiri dziwani kuti mwaponda zaka ngati 2,000. Likakhala labwinobwino pafupifupi magawo 9 mwa 10 ndi madzi okhaokha. Ine chaka changa choyamba ndinaona kamalo kobiriwira bwino ndi kumati apa ndiye pouma, ndinalowa mpaka m'chiuno, jombo imodzi inatsalira komweko mpaka lero. Zobiriwira zinandinyengazo ndi ndere zofewa zotchedwa sphagnum, ndipo ndi zimene zimamanga dothili, zimatha kusunga madzi olemera mpaka ka 20 kuposa kulemera kwake zikauma. Moyo wa malowa wagona pa chinthu chimodzi basi, madzi azikhala pafupi ndi pamwamba, masentimita ochepa chabe pansi pa phazi lanu. Madzi akatsika mpweya umalowa, tizilombo towoletsa timadzuka, zomwe zinasungika zaka masauzande zija zimayamba kuwola, kaboni wina n'kumauluka ngati mpweya, wina n'kumasungunukira m'madzi kutsikira kwa inuyo kuchigwa. Chiganizo chimenechi muchigwire, zonse ndinene pansipa zikuzungulira pomwepa.

Nanga amatentheranji? Mbalame ija ndi red grouse, ingoyerekezani nkhwali yonenepa yofiirira. Chakudya chake ndi tinsonga tanthete ta heather, kachitsamba kaja kamachita maluwa a pepo mu Ogasiti, koma imafunanso heather wamtali wobisalamo ndi kuikiramo mazira. Ndiye alonda a malowo amatentha timagawo ting'onoting'ono mosinthanasinthana, ili chaka chino, linalo chaka chamawa, kubwereranso poyamba paja patatha zaka 10, 15 kapena 20, kuti msipu ndi tchire lakale zizikhala moyandikana. N'chifukwa chake phirilo mukaliona patali limaoneka ngati nsalu yazigamba. Nyengo yosaka imayamba pa 12 Ogasiti ndipo anthu amalipira ndalama zambiri kukaombera mbalamezi, ndi bizinesi yeniyeni yolemba anthu ntchito. Nyengo yololedwa kutentha kumapiri ku England ndi kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 15 Epulo, ndiye zomwe mumaona mu Okutobala ndi Malichi zikugwirizana ndendende. Alondawo amati moto wawo ndi wozizira, umangonyambita masamba osafika pa dothi, ndipo ukayatsidwa ndi munthu wodziwa pa tsiku loyenera n'zoonadi, dothilo silipsa. Koma funso lathu ife a za madzi silinali loti dothi lapsa kapena ayi. Linali loti ukamalivula chofunda chake mobwerezabwereza kwa zaka makumimakumi, madzi amatani.

Kafukufuku amene anayesa kuyankha funso limeneli mokwanira amatchedwa EMBER. Anapanga ndi a University of Leeds motsogozedwa ndi Lee Brown, Joseph Holden ndi Sheila Palmer, ndalama zinachokera ku NERC, bungwe lothandiza kafukufuku wa zachilengedwe ku Britain, zina ku kampani ya madzi ya Yorkshire Water. Inali ntchito ya zaka zisanu, lipoti lake linatuluka mu Okutobala 2014. Ine sindinali m'gululo, koma njira zake ndi zomwe tonse timagwiritsa ntchito. Anasankha mitsinje 10 ya ku Pennines pamodzi ndi malo onse othira madzi m'mitsinjeyo, isanu kumene amatentha, isanu kumene satentha, n'kukhazikitsa timalo toyezera 120. Kotenthedwako anasiyanitsanso malo ongotenthedwa kumene, otenthedwa zaka ngati zinayi zapitazo, ngati zisanu ndi ziwiri, ndi opitirira zaka khumi, kuti aone ngati bala limapola.

Kuyezako sikuti ndi kwapamwamba monga mungaganizire. Timakhomera kapaipi kobowolabowola m'dothi, n'kumabwera kudzaona kuti madzi afika pati m'kapaipimo, kapena kusiyamo kamakina kolemba kokha usiku ndi usana. Vuto ndi nkhosa, zimakonda kutafuna mawaya, ine zinanditayitsapo zoyeza za miyezi iwiri yathunthu. Mumtsinje umalowa ndi jombo, kuimika kaukonde kumunsi, n'kumapalasa miyala ndi phazi kwa mphindi zitatu, tizilombo tonse tobisala pansi pa miyala timakokolokera m'kaukondemo, kenako kukakhala nato pa maikulosikopu masabata ambirimbiri kuwerenga kamodzikamodzi mpaka maso kuwawa.

Chomwe anapeza choyamba, ndipo kwa ine ndiye mutu wa nkhani, n'choti kumalo otenthedwa madzi a m'dothi anali otsika kuposa kosatenthedwa, ndipo otsikitsitsa anali pamene pangotenthedwa kumene, n'kumabwerera pang'onopang'ono zaka zikamapita. Kusiyanako ndi kwa masentimita ochepa, munthu wa zitsime za kwathu angaseke, koma pa peat masentimita ochepawo ndi amene amagamula kuti mpweya ulowa kapena ayi. Chachiwiri ndi kutentha kwa dothi. Ukachotsa chitsamba pamatsala dothi lakuda lili pamtetete, masana limawotchedwa ndi dzuwa, usiku limazizira msanga, ndipo pa masiku otentha kwambiri kusiyana ndi malo okutidwa bwino kunkafika pafupifupi madigiri 20 pamwamba penipeni pa dothi. Dothi lofunda limauma msanga ndipo limawola msanga. Anapezanso kuti sphagnum inali yochepa kotenthedwako, ndipo dothi lapamwamba linali lothinana, timipata todutsa madzi tachepa.

Ndiye m'mitsinje. Mitsinje yochokera kotenthedwa inali ndi asidi wochulukirapo, kashiamu wochepa, koma ayironi, manganese ndi aluminiyamu zambiri. Pansi pa mtsinje, pakati pa miyala, panali tizidutswa ta peat tokokoloka tochuluka mpaka kanayi kuposa m'mitsinje inayo. Izi zimamveka zazing'ono mpaka utaganiza za amene amakhala pakati pa miyalapo. Ana a tizilombo touluka monga mayfly amafuna miyala yoyera ndi madzi opita bwino, matope akuda akatseka timipata tawo amachepa, m'malo mwake mumachuluka timphutsi ta touluka tina tonga udzudzu koma tosaluma, timene timapirira paliponse. EMBER inapeza zimenezo ndithu, mitundu ya tizilombo inali yochepa m'mitsinje ya kotenthedwa. Ndipo tizilombo timeneti ndi ndiwo za nsomba za trout ndi mbalame za m'mbali mwa mtsinje. Ndiye pa funso loti kodi moto umasintha mtsinje, yankho ndi loti eya, umasintha, ngakhale lawi lake silifika n'komwe pamadzipo.

Tsopano za tiyi wanu uja, apa ndi pamene ndisiyane pang'ono ndi mnzanuyo. Mtsinje uliwonse wochokera pa peat umakhala wofiirira, kutenthedwe kusatenthedwe. Mtunduwo ndi kaboni wosungunuka kuchokera ku zomera zakale zija, monga momwe masamba a tiyi amachitira m'kapu, ndipo umakula kwambiri cha mu Seputembala mpaka Novembala mvula ikamatsuka zomwe zinawola m'chilimwe. Poti nthawi imeneyo ndi yomwenso utsi umayamba, n'zosavuta kuganiza kuti utsi wa dzulo ndiwo wadetsa madzi a lero, pamene ayi. Thovu nalonso nthawi zambiri ndi lachilengedwe, limapangika madzi a peat akamagwa pamathithi, limakhala loderako ndipo limanunkha dothi. Thovu loyera mbee lonunkhira sopo, kapena madzi otuwa onunkha chimbudzi, imeneyo ndi nkhani ina, muziimbira a Environment Agency, bungwe la boma loyang'anira mitsinje ndi chilengedwe.

Chimene chili choona n'choti mitsinje ya kumapiri a Britain yakhala ikudera kwambiri kuyambira zaka za m'ma 1980, ndipo chifukwa chachikulu n'chodabwitsa: mpweya wayera. Kale utsi wa malasha wa m'mafakitale ndi mopangira magetsi unkagwetsa mvula ya asidi, asidiyo ankamanga kaboni m'dothi kuti asasungunuke, ndiye sulfure atachepa kumwamba kaboni uja anamasuka. Kafukufuku wa Don Monteith ndi anzake mu magazini ya Nature mu 2007 anaonetsa kuti zimenezi zinachitika ku Ulaya ndi ku North America komwe, ngakhale kumene grouse sakuidziwa n'komwe. Palinso ngalande zambirimbiri zomwe zinakumbidwa m'mapiri amenewa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, boma likupereka ndalama kuti malo aume nkhosa zidye bwino. Nanga moto uli ndi gawo? Apa akatswiri anapeza zosiyana. Adrian Yallop ndi Ben Clutterbuck a ku Cranfield University, poyang'ana madera athunthu othira madzi m'madamu, anapeza kuti kumene peat wakuya watenthedwa kwambiri madzi amakhala oderapo. Fred Worrall ndi Gareth Clay, poyeza timinda toyeserera ta ku Moor House kumpoto kwa Pennines, kumene akhala akutentha moyesera kuyambira 1954, sanapeze kukwera koonekeratu kotero m'madzi a m'dothi. Ine maganizo anga ndi oti moto umawonjezerapo m'malo ena, makamaka pa peat wakuya wokhala kale ndi ngalande, koma si ndiwo unabweretsa mtunduwo.

Kaboni ameneyu payekha si poizoni. Amene amavutika naye ndi a kampani ya madzi, chifukwa akakumana ndi klorini amapanga mankhwala ena otchedwa trihalomethanes, omwe lamulo limati asapitirire ma microgram 100 pa lita. Ndiye asanathire klorini amayamba achotsa mtunduwo, amathira mankhwala a ayironi kapena aluminiyamu ogwirizanitsa tizidutswa kuti tipange timibulu, n'kusefa. Madzi akadera kwambiri mankhwala amalowa ambiri, matope otaya amachuluka, ndalama zimapita. Ndiye inu mtundu umenewu mumakumana nawo pa bilu, osati m'kapu. Mwaonatu chifukwa chake Yorkshire Water inaikapo ndalama pa kafukufuku uja.

Za kusefukira, ndikumvetsa mantha anu chifukwa chigwa chanucho chinaona zakuda mu 2012, pa 26 Disembala 2015, komanso mu Febuluwale 2020 ndi namondwe Ciara. Ku Hebden Bridge, pafupi ndi inu pomwepo, anthu anayambitsa gulu lotchedwa Ban the Burn mu 2012 chifukwa cha nkhani yomweyi, ndiye mnzanu uja sakuyankhula zakezake. Zomwe EMBER inapeza zili pawiri. Pa mvula wamba, malo otenthedwa aja poti madzi ake ndi otsika amakhala ndi kampata komeza mvula yoyamba, ndiye mtsinje umachedwako kudzuka. Koma pa mvula zikuluzikulu, zija zimabwera dothi litakhuta kale, mitsinje ya kotenthedwa inkakwera mwaukali kuposa inayo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva, dothi likakhuta madzi onse amayenda pamwamba, ndiye liwiro lake limatengera zomwe akudutsamo. M'ndere zothithikana za sphagnum amakwawa, pa dothi lambee amathamanga kangapo kuposa pamenepo. Ndipo mvula zimenezo ndi zomwe zimalowa m'nyumba za anthu.

Komabe tisamunamizire moto zonse. Chigwa cha Calder ndi chopapatiza, mapiri ake ndi otsetsereka kwambiri, nyumba, msewu, njanji ndi ngalande ya maboti zonse zinapanikizana pansi pomwe mtsinje umafuna kudutsa. Mvula ngati ya Disembala 2015 ikanasefukirabe ngakhale pakanapanda woyatsa machesi ndi mmodzi yemwe. Chimene kusamala phiri kungachite ndi kuchedwetsa madzi ndi kutsitsako msinkhu wake, ndipo nthawi zina kutsitsako pang'onoko ndi kumene kumasiyanitsa madzi othera pakhomo ndi madzi olowa m'nyumba. A Moors for the Future, bungwe lokonzanso malo a peat owonongeka, anaziona pa Kinder Scout ku Peak District, atabzalanso zomera pa peat wambee ndi kutseka zigwembe ndi timadamu, madzi a mvula anayamba kuchedwa kufika kumunsi ndipo msinkhu wake unatsika. Kwanuko kuli gulu la anthu ongodzipereka la Slow The Flow lomwe limaika zipika m'timitsinje ku Hardcastle Crags ndi cholinga chomwecho.

Ndikanakhala wabodza ndikanakuuzani kuti akatswiri onse anavomereza EMBER. Mu 2019 Mark Ashby ndi Andreas Heinemeyer analemba mu Journal of Applied Ecology kuti malo otenthedwa ndi osatenthedwa aja anali osiyana kale pa zinthu zina monga kuchuluka kwa mvula ndi dera lomwe ali, ndiye mwina kusiyana kwina komwe kunapezeka n'kwa malo, osati kwa moto. Brown ndi Holden anayankha kuteteza ntchito yawo, mkangano unakula mpaka kufika pofunsana kuti kodi ndalama za kafukufuku wanu akupereka ndani. Heinemeyer, wa ku University of York, ali ndi kafukufuku wake wa nthawi yaitali wotchedwa Peatland-ES-UK, woyerekeza kutentha, kutchetcha ndi makina, ndi kungosiya osakhudza, ndipo iye amati chithunzi chimasintha ukadikira zaka zambiri, komanso kutchetcha nako kuli ndi mavuto ake. Kudandaula kwawo pa kasankhidwe ka malo kuli ndi mfundo, aliyense amene anayesapo kupeza mitsinje iwiri yofanana ndendende akudziwa kuti kulibe. Koma ine chomwe chimandigwira n'choti mkati mwa malo otenthedwa momwemo, pa phiri limodzi mvula imodzi, pongotenthedwa kumene ndi pamene madzi anali otsika ndi dothi lotentha kuposa potenthedwa kalekale. Zimenezo sungazikankhire kwa mvula.

Mfundo ina ya alonda ndi ya moto wolusa, ndipo iyi sindiyipeputsa. Amati mukatiletsa kutentha pang'onopang'ono heather adzakula n'kukhala nkhuni, tsiku lina m'chilimwe wina adzataya ndudu kapena kusiya mbaula yowotchera nyama, phiri lonse lidzapsa mpaka dothi. Anthu amakumbukira Saddleworth Moor mu Juni 2018, moto unayaka masabata, asilikali anachita kuitanidwa, utsi unakuta madera a Manchester, ndipo kumeneko peat weniweniyo anapsa. Moto wotero umawononga kuposa moto wa alonda kutalitali. Kungoti heather amachuluka chonchi pamene dothi lauma, ndipo kutentha kobwerezabwereza kumathandiza heather yemweyo kulamulira malo, ndiye umapezeka ukutentha chifukwa unatentha. Ine pa peat wakuya ndimaima ndi kutseka ngalande, kubwezeretsa sphagnum ndi kutchetcha mizere yotchinga moto m'zaka zodikira kuti malo anyowe. Pa dothi losaya louma, kumene heather ndi kwawo, nkhani ya moto ndingaimvere.

Boma nalo linatsata mbali yoteteza peat wakuya. Kuyambira pa 1 Meyi 2021 ku England kunaletsedwa kutentha popanda layisensi pa peat wakuya kupitirira masentimita 40 m'malo otetezedwa mwapadera, ndipo kumapeto kwa Seputembala 2025 lamulolo linakulitsidwa, kuya kwake kunatsitsidwa kufika masentimita 30 ndipo dera lake linakula kwambiri. Ku Scotland, kumene kutenthaku amakutcha muirburn, anakhazikitsa lamulo lawo la malayisensi mu 2024. Ndiye si utsi uliwonse umene uli wophwanya lamulo, pa dothi losaya kapena ndi layisensi amaloledwabe. Mukakayikira musakwere phiri kukakangana ndi munthu, jambulani chithunzi muli panjira ya anthu onse, lembani tsiku ndi malo, a bungwe loteteza mbalame la RSPB amatolera malipoti otere ndipo a Natural England, bungwe la boma losamalira chilengedwe, ndi Defra, unduna wa zachilengedwe ndi ulimi, ndi amene amafufuza.

Za ku Dedza zija mwandiseketsa, koma taganizani bwino achemwali. Tchire la kwathu lili pa dothi lenileni, udzu ndi mitengo yake zinazolowera moto, mvula ikagwa msipu uli biriwiri. Koma mvula yoyamba ikagwa pa lupsa, Linthipe amaoneka bwanji? Phulusa ndi dothi zonse zimathera mumtsinje, timangoti ndi madzi a mvula yoyamba osafunsa kuti n'chifukwa chiyani afiira chonchi. Ndipo ngati munaonapo dambo la dothi lakuda litauma n'kugwira moto, lija limafuka utsi pansi masiku angapo lawi osaoneka, ndiye peat mukumudziwa kale, dzina lokha ndi limene linali lachilendo.

Tsopano zoti muchite. Choyamba tsimikizani kuti madzi anu ndi a kampani. M'mapiri a Calderdale, dera lanulo, muli nyumba ndi mafamu ambiri omwa madzi a kasupe kapena chitsime chawochawo, ngati mukuchita lendi nyumba yotero ndipo simunaonepo bilu ya madzi, funsani eni nyumba, ndipo a khansolo ali ndi udindo woyeza madzi amenewo. Kumeneko ndiye mtundu uli ndi ntchito, chifukwa nyale ya UV yophera majeremusi sigwira bwino m'madzi oderapo, ndipo kumtunda kuli nkhosa ndi ndowe zake, ndiye mpaka atayeza muziwiritsa akumwa. Ngati ndi a kampani ndipo tsiku lina atuluka ofiirira, kawirikawiri ndi dzimbiri la m'mapaipi lavunduka chifukwa paipi yaphulika kapena akukonza penapake. Tsegulani mpopi wozizira wa kukhitchini uziyenda pang'onopang'ono mpaka ayere, musachape zovala zoyera nthawi imeneyo, akapanda kuyera kapena akamanunkha zachilendo imbirani kampaniyo, ndipo wamng'ono musam'patse mpaka atakuyankhani. Madzi a m'kamtsinjeko ana asamwe ngakhale ataoneka oyera bwanji, vuto si peat koma majeremusi a ziweto.

Chimene ndikuchiopa kwambiri m'kalata yanu si madzi, ndi utsi ndi mwana wa asimayo. Utsi wa zomera uli ndi tinthu ting'onoting'ono tolowa mpaka mkati mwa mapapo, ndipo m'chigwa chopapatiza ngati chanucho pa tsiku lozizira lopanda mphepo umatsika n'kukhazikika. Masiku otero tsekani mawindo, asasewere panja nthawi yaitali, inhela yake ikhale pafupi ndipo kusukulu adziwe. Pitani kwa GP, dokotala wanu wa kudera, kapena nesi wa asima mukawauze kuti mumakhala kufupi ndi kumene amatentha, akulembereni ndondomeko ya zochita akabanika. Akamafuna inhela pafupipafupi kuposa masiku onse imbani 111, nambala yofunsira uphungu wa zaumoyo, akamalephera kumaliza chiganizo, nthiti zikukoka, kapena inhela osathandiza, imeneyo ndi 999, nambala ya ngozi, osadikira kuti kuche. Chimodzimodzi mukaona moto kuphiri usiku, kapena m'miyezi ya Meyi mpaka Seputembala, kapena palibe anthu ouyang'anira, imbani 999, moto wa alonda suyatsidwa dzuwa litalowa.

Za kusamuka, musagamule poyang'ana kuphiri, yang'anani pomwe nyumba yanu yakhala. Pa webusaiti ya boma ya gov.uk pali polemba postcode n'kuona ngati nyumbayo ili pangozi ya madzi, ndipo pomwepo mutha kulembetsa kuti a Environment Agency azikutumizirani chenjezo pafoni kwaulere. Ku Todmorden kulinso masayirini a madzi osefukira, funsani aneba kuti amalira bwanji kuti tsiku lomva koyamba musadabwe. Ngati muli chakumtunda kwa msewu, khalani phee. Ngati muli pansi m'mbali mwa mtsinje wa Calder kapena wa Walsden Water, funsani eni nyumba mosabisa ngati madzi analowamo mu 2015 kapena 2020, gulani inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba ndipo mufunse ngati kampaniyo ili mu ndondomeko ya Flood Re yomwe imatsitsa mtengo kwa okhala m'malo otere. Mapasipoti, masetifiketi a ana ndi mapepala a ntchito muwaike m'pulasitiki yotseka bwino m'chipinda cham'mwamba, pamodzi ndi inhela ina yapadera.